Anaphimba nkhope yanga, mfunda wanga n'kuusiya poyera

Ayi, sikuti ndimadana ndi atolankhani onse, musandimve molakwa. Koma poti mwafunsa chifukwa chake ndimatembenuka munthu akandilozetsa foni, ndikuuzani. Kulakwa koyamba kunali kwanga. Ndinatenga nkhani ya mwana wanga n'kuipereka kwa munthu, mwiniwake osamufunsa. Kulakwa kwachiwiri ndiye kwa munthu amene ndinkamuyesa m'bale.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 5. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Mbayani, ndinkagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pamphambano ya njira yopita kumsika. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali fomu 1, bambo wina woyandikana nafe anamuchita zachipongwe. Inu owerenga amene muli makolo mwamva kale, sindifotokoza zambiri. Tinapita kuchipatala, tinapita kupolisi, munthuyo anamangidwa. Patapita masabata angapo anatuluka pa belo podikira mlandu. Akuti ndi mmene lamulo limayendera. Ine zimenezo sindinkazimvetsa. Chimene ndinkaona n'chakuti munthu akudutsa pamalo anga ogulitsira atapisa manja m'thumba, akuimba likhweru.

Anthu ambiri sankadziwa chimene anamangidwira. Ena ankati anaba, ena ankati anamenya munthu. Mwana wanga anandipempha chinthu chimodzi chokha, chakuti kusukulu asamve. Ndinalonjeza.

Koma mtima unkandiotcha, ndiye ndinanong'oneza mayi wina amene tinkapemphera limodzi kuti azindikumbukira m'mapemphero. Mayiwa ali ndi mwana, bambo wamkulu ndithu wa pabanja pake, amene amatola nkhani n'kumaziika pa tsamba lina la pa intaneti. Pasanathe masiku atatu bamboyu anandipeza ndikugulitsa. Anakhala pansi mwaulemu, anagula zitumbuwa, n'kunena kuti, "Amayi, nkhani ngati iyi ikatuluka mlandu umathamanga. Nkhope tiphimba, dzina sititchula." Ndinamufunsa kawiri, anayankha chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti munthu amene ndinavina nawo pa ukwati wake angandinamize bwanji?

Anandijambula pompo masana, poti sindikanasiya malonda. Mwana anali kusukulu. Ndinadziuza kuti ndikamufunsa akana, bola ndidzamuuze zinthu zikayenda. Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndinkadziwa kuti akana. Ndiye kuti yankho lake ndinali nalo kale, ndinangolilumpha.

Vidiyo inatuluka. Nkhope anaphimbadi. Dzina la pachitupa sanalitchuledi. Koma tandiuzeni, ku Mbayani ndani amadziwa dzina langa la pachitupa? Ngakhale a landilodi sankalidziwa. Ife amayi timaitanidwa ndi mfunda, a Nauje, a Nauje, ndipo wanga ndi umene ana ankafuula akafuna mandasi. Iye mu vidiyo monse ankandiitana ndi mfunda womwewo, ngati mmene amachitira tikakumana kutchalitchi. Mawu anga sanawasinthe. Beseni langa lobiriwira likuoneka, khoma la okala ya kumbuyo kwanga likuoneka ndi zolemba zake. Pansi analemba kuti wochitidwa chipongwe ndi mwana wanga woyamba wa fomu 1. Kunatsala chiyani? Kunangotsala kulemba nambala ya desiki yake.

Mawa lake mwana anabwerako kusukulu nthawi isanakwane. Sanalire. Anangoima pakhomo chikwama chili kumsana, n'kunena kuti, "Amayi, munalonjeza." Analowa m'nyumba. Inu owerenga, ndinaikapo mwamuna m'manda, koma mawu awiri amenewa ndi amene anandipweteka koposa.

Ndinamuimbira foni bambo wotola nkhani uja. Anati dzina sanatchule, mfunda si dzina, komanso ndisangalale poti anthu ambiri aonera. Ndinati chotsani, anati zimenezo n'za akuluakulu ake. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kumene kuli kaofesi kawo, kawiri konse, ulendo uliwonse akuti watuluka. Kenako foni yanga anasiya kuyankha. Mayi ake kutchalitchi anayamba kukhala benchi ina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzaona mwanayo. Iwo nkhani anali atatola, ife tinatsala nayo.

Mwana anasiya sukulu teremu yonse. Kumpopi sankapita. Achibale a bambo wachipongwe uja ankadutsa pakhomo akutukwana. Anthu ena ankabwera ngati akufuna mandasi, koma maso ali kunyumba. Ena ankandiwerengera zimene anthu alemba pansi pa vidiyoyo, ndipo ena mwa olembawo ankanyoza mwanayo. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi.

Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire, anati ndi mtolankhani wa pawayilesi ina ndipo waona vidiyo ija. Ndinatsala pang'ono kumuthira madzi otsukira mbale. Koma iye foni sanatulutse, kope sanatulutse. Anapempha kuti ayambe wafunsa mwanayo ngati akufuna kulankhula. Mwana anayankha ali kuseri kwa katani kuti sakufuna. Mayiwo anati, "Chabwino mwanawe, nkhaniyi ndi yako." Ndipo sanalembe kanthu, mpaka lero.

Ndinkayesa basi apita. Koma anakhala nane pakhonde n'kundiuza zimene sindinkadziwa, kuti mwana wotere saloledwa kuululidwa, kaya ndi dzina, kaya ndi chizindikiro chilichonse chomulozera, ngakhale kholo litavomera. Anandilembera kalata yodandaula yopita kwa amene amayang'anira khalidwe la atolankhani, anandiwerengera mokweza liwu ndi liwu ndisanasaine, n'kundiperekeza. Vidiyo inachotsedwa. Za m'mafoni a anthu ndiye palibe angazichotse. Anandithandizanso kupeza malo a sukulu ku Chimwankhunda kumene kuli mkulu wanga, ndipo tinasamukira komweko.

Mlandu unatha, bambo wachipongwe uja ali kundende. Koma unatha chifukwa cha umboni wa kuchipatala, vidiyo ija sinathandizepo chilichonse. Mwana pano ali fomu 3. Timalankhulana, timaseka nthawi zina. Koma za mumtima mwake amauza mayi ake aakulu, ine ndimangomva kwa iwo. Sindimudandaula. Ndinadzichotsera ndekha.

Ndiye makolo anzanga, nkhani ya mwana si yanu chifukwa chakuti munamubereka. Mufunseni, akakana kwatha. Munthu akati abisa dzina, mufunseni kuti dzina liti, nanga mawu, nanga malo, ndipo muone kaye chinthucho chisanatuluke. Ndipo inu ogwira makamera, kuphimba nkhope si kubisa munthu. Dzifunseni ngati oyandikana naye nyumba angamuzindikire. Inu mukajambula mumakwera minibasi, ife timagona pomwepo.

Mayi anandithandiza aja ndinawaimbira dzana kupempha ngati ndingawatchule muno. Anaseka, n'kuti tchulani. Ndi mayi Esinati Kalimbuka.