Mbuzi ya Apongozi

Mboni zanga ndi zitatu: mkazi wanga, mlamu wanga wakabaza, ndi mbuzi ya apongozi. Mbuziyo tidadya pa Khirisimasi, koma awiriwo alipo, kawafunseni.

Buku lomwe lidayambitsa zonsezi ndidaligula pamsika wa Chinakanaka, lopanda chikuto. Wolembayo ankati kuthamanga kumasangalatsa mtima. Ndidawerenga mpaka kumapeto kuti ndidziwe amene ankamuthamangitsa, koma sadamutchule. Ndidamukayikira, komabe ndidati ndiyese.

Tsiku loyamba ndidadzera m'minda ya tiyi. Pocheuka, othyola tiyi ali pambuyo panga, madengu kumsana, akukuwa kuti wakuba. Atandigwira adandipisa m'matumba napeza thukuta lokha. Akapitawo adati ndiye kuti ndameza.

Ndidasintha njira, n'kulowera ya kuchipatala cha mishoni. Uko palibe adandigwira. Anthu ankangopatuka, amuna n'kuvula zipewa. Ndidati buku lija silidaname. Pobwerera ndidapeza pakhomo padzaza amayi, nkhuni atatula kale, ena atayamba nyimbo. Mkamwini akathamangira kuchipatala m'mamawa, watsikira kuli chete ndani ngati si apongozi? Eni malirowo adali pakhonde, akusenda nandolo, akumvetsera amene sakulira mokwanira.

Madzulo ankhoswe adakhala pansi. Ine ndine mkamwini: nyumba, munda, ngakhale mthunzi wa mango, zonse n'zakuchikazi. Apongozi adalankhula atandifulatira, mwaulemu wake.

"Tawafunsani bambowa, akuyeserera maliro a ndani?"

"Auzeni amayi kuti ndimathamangira thanzi."

"Thanzilo limakhala mudzi uti? Limavala chitenje chanji?"

Mkazi wanga adatulutsa chikwama changa n'kuchiika poonekera.

Mlamu wanga adaikira umboni kuti adanditsata panjinga, ndipo sindidaime pakhomo pa mkazi aliyense. "N'chimene chikundiopsa," adatero. "Wachibwenzi timadziwa pomugwira. Nanga uyu?"

Ankhoswe adagamula kuti mwamuna wa pamudzi pano sathamanga popanda chifukwa. Chifukwacho adapereka okha apongozi. M'mawa uliwonse ankamasula mbuzi, n'kuikwapula ndi kamtengo, ine pambuyo. Anthu ankandilonjera bwinobwino: "Yathawanso, alamu? Limbani!"

Chikwama chidabwerera m'nyumba. Mbuziyo idakafika ku Boma kawiri, ndikulumbira, ndipo nkhuni zonse za maliro zija zidatha nyama yake isadafewe.