Inki Yofiira pa Pepala la Magazi a Atate

Pepalalo ndikadali nalo. Ndi lachikasu, lalikulu ngati chikhatho cha mwamuna, lopindidwa kanayi, ndipo m'mapindiro layamba kung'ambika. Pamwamba pali chidindo ndi dzina la atate, limene wolembayo analakwitsa chilembo chimodzi. Pansi pali mizere isanu ndi umodzi ya mawu a Chingerezi, uliwonse ndi nambala yake. Manambala awiri anazunguliridwa ndi inki yofiira. Ana anga amandiseka kuti ndimasunga ndi matikiti a minibasi omwe. Aseke. Sadziwa kuti khalidweli linayambira pa pepala limodzi limene linasungidwa bwino kwambiri, pa nthawi imene linafunika kuperekedwa.

Ndinali mtsikana wa giredi sikisi, tikukhala ku Ngungu. Unali mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa, fumbi lakuda lochokera ku mgodi likulowa m'mano. Atate ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku njanji. Lolemba lina anabwera masana, chinthu chimene sanachitepo, atagwira pamimba, atapindika ngati munthu wofuna ndalama yakugwa. Anasanza pafupi ndi mtengo wa mapapaya. Ankati ululu ukuboola kuchokera pansi pa nthiti mpaka kumsana. Sanathe kugona chagada. Anakhala pa mpasa mawondo ali pachifuwa, thukuta likudontha pa chibwano, mpaka mnansi wathu anapeza galimoto.

Kuchipatala anati ndi kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu, ndipo kanali katatupa. Anawaika diripi, anawaletsa kudya, anawatenga magazi tsiku loyamba, anawatenganso Lachitatu m'mawa. Ndimakumbukira fungo la mankhwala otsukira pansi, ndi bambo wina wa pabedi loyandikana amene ankangoti "mukwai, amenshi," kupempha madzi m'Chibemba kwa aliyense wodutsa.

Lachitatu lomwelo madzulo, asisita a m'wodi anauza amayi kuti wotumikira sanabwere ku ntchito, choncho wachibale apite yekha akatenge zotsatira za magazi. Amayi sankadziwa Chingerezi, ndiye anatuma ine. Ndinaima pa mzere nthawi yaitali kumalo oyezera magazi. Bambo wa pa windo anayang'ana pepala, anatenga cholembera chofiira, anazunguliza manambala awiri, nandipatsa osanena kanthu. Apa ndiye pamene mkwiyo wanga umayambira, ndipo sunazirale mpaka lero. Munthu wamkulu, wophunzira, woti waona chinthu choopsa mpaka kusintha cholembera, akupereka pepala kwa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, osatsegula pakamwa. Mawu anayi okha akadakwana: thamanga, kapatse adokotala tsopano.

Pamene ndinabwerera, belu lotulutsa alendo linali litalira, chitseko cha wodi chitatsekedwa. Amayi anali panja ndi basiketi. Anatenga pepalalo, analiika m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi, tinayenda wapansi kubwerera ku Ngungu.

Kwathu kunali lamulo. Pepala lililonse lokhala ndi chidindo silinkaperekedwa kwa munthu wakunja amalume asanalione. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo ankasunga mapepala a banja lonse m'chitini cha mabisiketi: makadi a ubatizo ochokera ku Chipata, makalata a ntchito, zonse. Lamulolo silinali lopusa. Agogo anga anachotsedwa m'nyumba ya kampani chifukwa anapereka kalata yawo kwa kalaliki, kalalikiyo nakana kuti sanailandire. Kuyambira pamenepo amalume ankati, "Pepala likachoka m'manja, pakamwa sipathandiza." Koma sabata imeneyo amalume, amenenso ankagwira ntchito ku njanji, anali atapita ndi sitima ya katundu kum'mwera, ndipo ankayembekezeka Loweruka.

Lachinayi m'mawa amayi anatsegula buku la nyimbo nandiitana. "Iwe wa sukulu, pepalali likuti chiyani? Ngati ndi loipa tipite nalo, amalume ako adzamva pambuyo."

Ndalemba mawu amenewa monga momwe anawanenera, chifukwa sindifuna kuti wina adzati amayi anali ouma mutu. Anali okonzeka kuswa lamulo. Anafunsa ine.

Mawu a pa pepalalo sindinawadziwe ngakhale limodzi. Koma inki yofiira ndinkaidziwa. Aphunzitsi athu a masamu ankazunguliza ndi inki yofiira yankho lililonse lolakwa, zokhoza ankazisiya. Ankakonda kunena kuti, "Wopitirira theka wakhoza, asalire." Ndinawerenga mizere: isanu ndi umodzi. Yofiira iwiri. Ndinachotsera, ndinakondwa ndi nzeru zanga, ndinauza amayi kuti atate akhoza, alakwa ziwiri zokha.

Amayi anapuma mpweya wautali, natseka buku.

Ndipo tsikulo zinaoneka ngati ndanena zoona. Tinapeza atate atakhala tsonga, ululu utachepa, akupempha tiyi. Asisita anali ena, osati adzulo aja. Palibe anafunsa za pepala. Adokotala anali atadutsa kale m'mawa, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti pa khadi analemba kuti zotsatira sizinafike. Sizinafike! Zinali m'basiketi, pansi pa bedi lomwelo, pakati pa nyimbo ziwiri za Pasaka. Botolo la diripi litatha masana, silinabwezeredwe mpaka tinachoka.

Ndinaimirira pambali pa bedi ndi kuwauza atate kuti apeza folo pa sikisi. Anaseka pang'ono atagwira pamimba. "Ndiye kuti ndakupambana masamu, mayi wanga," anatero. Anandigwira dzanja. Dzanja lawo linali lozizira ndi lonyowa, m'kutentha konse kuja, ndipo milomo yawo inali yosweka ngati dothi la pachulu.

Lachisanu ankapuma mofulumira ngati athamanga. Botolo la mkodzo linali louma kuyambira dzulo lake. Anayamba kunditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale kumudzi. Pamenepo m'pamene anthu ovala zoyera anayamba kuthamanga, kukoka makatani, kufunsana mokweza. Loweruka dzuwa lili pamutu, atate anatisiya. Amalume anatsika sitima madzulo, akali ndi yunifolomu, anapeza amayi a chigwirizano atayamba kale nyimbo pakhomo pathu.

Maliro atatha, amayi anapereka pepala lija kwa amalume monga mwa lamulo. Iwo analiwongola pa bondo, analiyang'ana nthawi yaitali, naliika m'chitini. Sanalimve nawonso. Anthu analankhula zambiri. Ena anati atate anadyetsedwa kanthu ku ntchito. Mkulu wina wa mpingo anati matenda a kapamba ndi a zidakwa, ndipo mawuwo anayenda Ngungu yense, chikhalirecho atate sanalawepo mowa moyo wawo wonse. Amayi anasenza manyazi amenewo mpaka kumanda.

Chitini chinabwera kwa ine amalume atamwalira. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anadwala matenda omwewo, ndipo kwa iye anapeza kuti gwero lake ndi timiyala ta m'ndulu. Dokotala wake, mtsikana wamng'ono kuposa ana anga, anandikhazika pansi nandifotokozera chifukwa chimene amatengera magazi kawirikawiri. Anati ambiri amachira m'masiku ochepa, koma ena matendawa amawatembenukira, ndipo nkhope ya wodwala imatha kunama. Magazi ndiwo amayamba kunena. Zonyansa zimene impso zimayenera kuchotsa zikamakwera, kashiamu, mchere wina wa m'magazi, akamatsika, chizindikiro cha kutupa chikamakula, amadziwa kuti uyu ndi wofunika madzi ambiri a m'mitsempha ndi maso osachoka pa iye.

M'mawa mwake ndinabwera ndi pepala lachikasu. Analiwerenga ataimirira, kenako anakhala. Anaika chala pa manambala awiri aja. Ina inali ya impso, ina ya kashiamu.

"Amama, sindinganene kuti akadachira," anatero. "Masiku amenewo zipangizo zinali zochepa. Koma ndikadaona izi Lachitatu, sindikadawasiya pa bedi limenelo."

Ndinamuthokoza chifukwa sanandinamize. Mwana wanga anachira, ali ku Nakoli, akugulitsa matayala. Zotsatira zake zonse ndinazikopera m'kope langa, ndi tsiku ndi ola, ndipo chilichonse ndinaonetsetsa ndi maso anga kuti chafika m'manja mwa dokotala.

Dokotalayo sindinamuuze za masamu anga. Amayinso sanandikumbutsepo, ngakhale kamodzi, ndipo sindidziwa ngati anaiwala kapena anandibisira. Chimene ndimakumbukira ndi tsiku loika maliro. Mvula yoyamba inali itawaza, dothi likununkhira, ine nditaima kumbuyo kwa amayi ndikuwerengabe zala mobisa m'chitenje. Sikisi kuchotsa ziwiri. Ndinabwereza kangapo, yankho linali lomwelo, ndipo ndinkadikira kuti wamkulu wina abwere anene kuti pachitika cholakwa, munthu wopitirira theka sangaikidwe m'manda. Ndinkadziwa inki yofiira ya aphunzitsi yokha, yonena zimene walakwa kale. Sindinkadziwa kuti ilipo ina yonena zimene zikubwera, nthawi ikadalipo.