Lezala la Azakhali

Lero ofufuza matenda a mafupa atenga magazi a mwana wanga. Akuti matewe athuwa ndi akumtundu, mchere wina wolimbitsa mafupa umatitayikira mumkodzo. Fungo la sipiliti landibwezera ku Chipoka, ndili wamng'ono.

Azakhali anabwera ndi lezala ndi kabotolo ka mankhwala akuda onunkha utsi. Anandigwira bondo mwamphamvu.

"Mwanayu anamulodza. Timutemere mphini, awongoke."

Amayi anasiya usipa pathandala nabwera akupendama, miyendo yawo yokhota ngati yanga.

"Alamu, miyendo iyi anaitengera ine, inenso ndinatengera bambo anga. Imandifikitsa kunyanja, imandifikitsa kumunda. Musiyeni mwana."

Azakhali sanandisiye. Ndinawaluma chala, lezala linagwera mumchenga wotentha, ndipo ndinalikwirira ndi phazi.