Filimu Imene Agogo Ankaonera ndi Makutu

Kasetiyo inali yakuda, yopanda chikuto, ndipo inkanunkha fumbi la m'shopu ya zinthu zakale ku Edmonton, dera lina la mu London, kumene agogo anaigula. Munali filimu yakalekale yopanda mitundu: wapolisi wofufuza milandu wachipewa chopendekeka, mtembo pa kapeti, ndi anthu asanu onama. Anaipanga ndi ndalama zochepa. Munthu akamenyetsa chitseko khoma linkagwedezeka, ndipo mvula inkagwa pawindo limodzi lokha.

Nkhani yake inayambira pa wailesi ngati sewero la mlungu ndi mlungu, ndiye anthu ake sanasiye khalidwe la kumeneko. Chilichonse ankachinena. Wina akatulutsa mfuti, mnzake ankafuula kuti watulutsa mfuti. Lero ndimavomereza kuti inali filimu yosalongosoka. Koma agogo ankatha kuitsatira yokhayo, chifukwa nyengo yozizira imeneyo maso awo ankafa.

Tinkakhala awiri m'fulati. Agogo anabwera ku London kudzadwazika amayi, amayi atamwalira iwo anatsala ndi ine. Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Ndinkaona agogo akufufuza kapu ndi zala patebulo, ine n'kuikankhira pafupi osanena kanthu. Amalume, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anali atayamba kukayikira. "Amayi, ngati simukuona, mwanayu ndimutenga akakhale kwanga ku Barking," ankatero. Kumene agogo akanapita ndinkakudziwa, chifukwa fungo lake ndinkalimva pa jekete la amalume.

Lamlungu lina amalume atabwera kwathu kuchokera kutchalitchi, agogo anati ndiike kaseti ija. Anakhala tsonga pampando n'kuyamba kufotokoza ngati munthu woona bwinobwino. "Taonani tsinya lakelo. Uyo ndi wabodza, uyo." Filimu yonse anali ataisunga m'mutu. Amalume ankamwa tiyi akuwayang'anitsitsa.

Kenaka makina athu okalamba oonetsera kaseti anatigwiritsa mwala. Chithunzi chinadumphadumpha n'kuzimiririka, pagalasi la TV n'kutsala timadontho toyera tokhatokha. Koma mawu anapitirira. Mapazi ankamveka pamakwerero, ndipo agogo analoza chala.

"Si uyo wabisala kuseri kwa katani! Mwamuona?"

Amalume anaika kapu pansi. Sanayang'ane agogo, anayang'ana ine. Ine amene ndinkayankha aliyense m'Chingerezi ndinatsegula pakamwa m'Chichewa, maso ali pa timadontho tija.

"Ndamuona, agogo. Nsapato zake zikuoneka."

Ndipo sindinachotse maso. Tinaonera galasi lopanda kanthulo mpaka wakupha uja anagwidwa, amalumenso akuonera nafe. Bodza limenelo sindinalape ndipo sindidzalapa. Makolo onse awiri anali atandichokera popanda wondifunsa. Agogo okha sindikanalola kuti andichokere.

Za ku Barking amalume sanazitchulenso. M'malo mwake anayamba kubwera Loweruka lililonse, kukwera mabasi awiri, atatopa ndi ntchito. Anachotsa kapeti yopindika ya pakhomo. Anamata timphira pa mabatani a kuka yophikira kuti agogo aziwazindikira ndi zala. Mankhwala a agogo ankawaika m'timabotolo tosiyana kukula. Ine ndinkaima pakhomo la khitchini manja ali kumbuyo, ndikuwalonda ngati mdani amene akufunafuna umboni. Akandipatsa bisiketi ndinkakana.

Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndinawapusitsa. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angathe kugwira mwana bodza pamaso, n'kusankha kulinyamula naye limodzi.