Buku la M'chigafa

Kwa zaka zitatu ndinasunga chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga: ndinaba buku. Manyazi sanandithere, choncho mundilole ndiinene nkhaniyi ngati ya munthu wina. Mtsikanayo timutche Eness.

Mu Januwale 1995 Eness anaima kutsogolo kwa ofesi ya ahedi, n'kuyendetsa chala pa mayina a amene anapambana mayeso a Giredi 9. Anatsika nawo mpaka pansi, anakweranso. Dzina lake panalibe. Anayenda wapansi kubwerera kwawo ku Kapichila mvula ikumunyowetsa, ndipo atafika palibe amene anamufunsa kanthu. Atate ake anali atamwalira chaka chathacho. Amayi ake anangomupatsa singano ndi ulusi, n'kumuloza kuchigafa kumene ankasoka fodya.

Mu udzu wa denga la chigafacho munali buku lokulungidwa m'pepala la shuga.

Mwini wake anali a Sakala, mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Chipata. Anali ndi mabuku atatu a mlembi wina wa ku Turkey, omasuliridwa m'Chingerezi, ndipo ankawakonda ngati ana awo. Ankabwereka okhawo anzeru a kutsogolo. Eness ankakhala kumbuyo, ndipo akafunsidwa funso mawu ankamuthera pakhosi. Koma tsiku lina a Sakala anawerengera kalasi tsamba limodzi, za mkazi wamasiye wa m'mapiri ozizira amene ankawiritsa madzi okhaokha kuti ana aziganiza kuti chakudya chikubwera. Eness anamva ngati wina wasuzumira m'nyumba mwawo. Pa nthawi yopuma anapeza kabati ya mabuku ili yosatseka. Analowetsa bukulo m'malaya.

Kiyi wa kabatiyo ankasunga Faides, monitala wa kalasi. Bukulo litasowa, ndiye anaitanidwa kutsogolo pa mzere wa m'mawa. Analumbira, analira, koma anamupatsa khasu kuti akazule chitsa kuseri kwa zimbudzi. Anakumba masiku anayi sukulu yonse ikumuona. Amayi ake atamva, anamumenya n'kumuchotsa sukulu, amvekere sangalipirire mwana wakuba. Eness anaona zonsezi ali duu.

Ndiye buku limeneli ndi limene tsopano ankaliwerenga masana, ena akapita kukadya, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Poyamba pa tsamba lonse ankamvapo mawu khumi. Ovutawo ankawalemba pa katoni, n'kukafunsa mlangizi wa zaulimi akabwera pa njinga yake. Ulendo woyamba bukulo linamutengera miyezi isanu.

Atatsala pang'ono kumaliza, anapeza masamba omalizira kulibe. Asibweni ake, mlongo wa amayi ake, anali pa mthunzi akufuka utsi wa fodya wopichira m'pepala.

"Asibweni, mapepala a m'buku langa?"

"Aa, linali lako? Pepala labwino, mwana iwe, silizima msanga. Ukapeze lina lotele."

Eness analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira mayeso. Mkazi wamasiye uja anali atanyamuka ndi ana ake kutsika phiri, ndipo panalibe womuuza ngati anafika.

Patapita sabata anatenga kope lake lakale la masamu, n'kuyamba kulemba yekha mathero a nkhaniyo, m'Chingerezi chake chothyokathyoka. Sanakhutire nawo. Anawerenganso buku lonse, n'kulemba ena. Pena mayiyo ankafika, pena ankafera m'njira. Chaka chisanathe anali atalemba mathero khumi ndi limodzi, ndipo mlangizi uja atawerenga omaliza anavula magalasi.

"Iwe, uchita chiyani m'chigafa? Bwelela kusukulu."

Anabwerera mu 1996, pa sukulu ina, wamkulu pakati pa tiana. Ankamutcha agogo. Iye ankangoweramira pa desiki. Zotsatira zitatuluka, dzina lake linali lachitatu, ndipo anasankhidwa kupita ku Giredi 10 kuboma ku Lundazi.

Mwina mukuti nkhani yathera pamenepa. Nanenso ndinkafuna itero.

A Sakala anamva za iye, anamuitanitsa. Anatulutsa mabuku awiri otsala aja n'kumuika m'manja.

"Tenga, ni ako. Anali atatu, koma limodzi linapita na kakawalala kaja, ka Faides. Iwe ndiwe mwana wokhulupilika."

Eness anati zikomo, maso ali pansi. Anawawerenga onse awiri teremu yoyamba, ndipo anamukonda mlembiyo kuposa kale. Koma anthu a m'mabuku akewo, osauka ngati ife, akalakwirana ankayang'anana m'maso. Iye akatumidwa kumsika wa Lundazi ankazungulira njira ya kumasitolo, chifukwa pa mzere wa tomato pankakhala Faides ndi amayi ake. Aphunzitsi onse ankamutchula monga chitsanzo. Akananena zoona, dzina limenelo likanathera pomwepo, ndipo a Sakala akanamva dzuwa lisanalowe.

Loweruka lina mu Julaye, mphepo ikuulutsa fumbi, miyendo yake inakana kuzungulira. Faides anali ataonda, mwana ali kumbuyo. Amayi ake anali pambali akusankha tomato woola.

"Monile, a sekondale," anatero Faides. "Mwasochela? Kapena lelo mwationa?"

Eness anagwada pafupi, n'kunong'ona. "Faides, buku lija la a Sakala. Sunali iwe."

Faides sanakwiye, sanasekenso.

"Uniuza ine? Ine nidziwa kuti sin'nabe. Zaka zitatu nidziwa." Analoza ndi chibwano. "Uza amama. Ndipo usanong'one, makutu awo ni olemela."

Inu amene mukuwerenga, mwina munalephera mayeso, mwina muli m'chigafa chanuchanu. Musataye mtima, munthu amadzuka, ine ndaona. Koma podzukapo muyang'ane amene munamuponda. Sukulu ya Faides sinabwerere, ndipo palibe mayeso amene ndingapambane oti n'kumubwezera.

Azimayi a pa mzerewo anali atasiya malonda, akutiyang'ana. Ndinaimirira, chifukwa Eness uja ndine, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anatuluka onse.

"Amama, mwana wanu sanabe. Buku lija n'naba ndine."