A Nikanora Anadikira Mawu a Akazi Awo

Loweruka lapitali tinaika m'manda a Nikanora Kachale a mu mphakati wathu wa ku Landover, kuno kutsidya kwa nyanja. Ambiri tinkangowadziwa ngati bambo wofatsa wopita ndi Ukaristia kwa odwala. Zimene anasenza mumtima, ochepa ankazidziwa.

Anabadwira kufupi ndi Bembeke ku Dedza. Wansembe wachizungu amene anawabatiza anawapatsa dzina lake lomwe. Ali mwana anzawo ankawaseka nalo, chifukwa m'buku la Amakabeo muli Nikanora wina, mkulu wa asilikali wankhanza amene anadulidwa mutu. Tsiku lina atapita akulira kwa katekisiti, iye anawawerengera m'Machitidwe a Atumwi za amuna asanu ndi awiri a maina achigiriki, osankhidwa kuti azigawira chakudya akazi amasiye. Nikanora analipo pakati pawo.

"Wankhondo uja si mbale wanga," ankatero mpaka kukalamba. "Mbale wanga ndi dikoni, wogawa chakudya."

Analowa seminale yaing'ono, koma bambo awo atamwalira anatuluka kuti akalere azing'ono awo. Pambuyo pake anakwatira a Esnat, ndipo mu 1999 anabwera kuno ndi mwana wawo mmodzi, Ian. Onse awiri anapeza ntchito yosamalira okalamba. A Nikanora ankasambitsa ndi kudyetsa anthu amene dzina loti Nikanora linkawakanika m'kamwa, nangowaitana kuti Nick. Sanakwiye nazo.

Kuno ndi kumene anamva kuti mwamuna wokwatira angathe kudzozedwa udikoni. Khomo limene ankaliyesa lotsekeka linakhala ngati latsegukanso, ndipo anasangalala ngati kamwana. Bambo Ferdinand, wansembe wa ku Zambia amene ankatithandiza masiku amenewo, anawauza lamulo la Mpingo mosabisa.

"Ba Nikanora, ine nilibe vuto na imwe. Koma Mpingo sudzoza mwamuna ngati mkazi wake sanavomere. Kambani na amai ku nyumba."

Inali nyengo yoipa. Ian anali atayamba kuyenda ndi anyamata osokonekera, ndipo anali ndi mlandu ku khoti ku Upper Marlboro. A Esnat anamvetsera mpaka amuna awo atamaliza, kenako anati:

"Inu bambo a Ian, shifiti mukugwira ziwiri. Muwonjezerenso makalasi a udikoni zaka zonsezo? Mukufuna kukaweta nkhosa za eni, yanu ili m'kamwa mwa fisi. Ine sindivomera."

A Nikanora anamvera akazi awo. Tiyeni tinene zoona, enafe tikanathamangira kwa ankhoswe, kapena kuyamba kunyanyala chakudya. Iwo anasiya shifiti imodzi, nayamba kuperekeza mwana ku khoti ndi kwa alangizi. Ian ankawakalipira m'galimoto, "Dad, leave me alone," iwo n'kumangoyendetsa. Zinatenga zaka. Mnyamatayo anawongoka, lero ali ndi banja ku Manassas. Koma pamene nyumba inkakhala pa mtendere, a Nikanora anali atapitirira zaka zimene dayosizi imalandirira ofuna udikoni.

Zinawapweteka kwambiri. Chaka chilichonse ankapita ku mwambo wodzoza madikoni, n'kukhala kumbuyo, n'kubwerako maso ali ofiira. Komabe palibe anawamvapo akudandaula za akazi awo. Wina akawaputa ankangoti, "Mulungu amayankhulanso kudzera m'kamwa mwa a Esnat." Nkhaniyo m'nyumba sinatchulidwenso. Onse awiri ankaidziwa, n'kumailambalala ngati dzenje la panjira.

Chaka chathachi anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. A Esnat anasiya ntchito n'kuyamba kuwadyetsa ndi sipuni. Lachitatu m'mawa, atalandira sakramenti la odwala, akazi awo anagwada pambali pa bedi, Ian ataima pakhomo.

"Bwanji simunandifunsenso?" anafunsa a Esnat.

"Mukanavomera chifukwa cha chisoni," anayankha a Nikanora motsitsa mawu.

"Ndavomera tsopano. Mwamva? Ndavomera."

A Nikanora anayankha kuti: "Zikomo, mayi a Ian. Koma tsiku lija munanena zoona. Taonani, si uyo waima apoyo?"

Anamwalira masana a tsiku lomwelo, mwakachetechete, dzanja lawo lili m'manja mwa mwana wawo.

Atisiyira chitsanzo cha munthu amene anakanizidwa chinthu chabwino, osasunga mangawa ndi Mulungu kapena ndi munthu. Koma a Esnat mtima sunakhale pansi. Sakudya, ndipo akumangobwereza kuti anachedwa. Mukapita kukawaona, musawalalikire. Ingokhalani nawo.

Mzimu wa a Nikanora uuse mumtendere.