Khomo la Mapazi Anayi

Aphunzitsi anagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo palibe mwana amene anawamva akubwereka mawu kwa azungu pamene athu alipo. Ankaphunzitsa masamu. Mwana akayerekeza kunena kuti tebulo ndi lotalika mafiti asanu, iwo ankamenya rula pa desiki.

"Mafiti? Wawaona kuti, akuuluka? Nena kuti mapazi!"

Ana aja lero ndi akuluakulu. Ena amawadutsa pa msewu ndi galimoto osaimika n'komwe, kungowathira fumbi. Aphunzitsi amawadziwa onse, ndiponso chaka chimene aliyense analephera samu yogawa. Munthuyu saiwala, ndipo palibe chifukwa choti aziiwalira.

Atapuma pa ntchito anagula ng'ombe imodzi ya mkaka, yamawanga akuda ndi oyera, msana ngati tebulo. Mayi a kunyumba anaitcha Dona chifukwa cha kayendedwe kake konyang'wa. Ndiyo inali munda wawo, ndiyo inalinso ofesi yawo. Tsono chaka chimenecho chiswe chinamaliza khola lamitengo, n'kugwa lonse Dona ali ndi bere la miyezi isanu ndi itatu. Mlangizi wa ziweto atabwera sanabise mawu: ng'ombeyo ikaberekera pamatope mvula ili mkati, mwana sakhala, ndipo mayi wakenso akhoza kupita. Pankafunika khola la njerwa, la malata, mitambo isanayambe kusonkhana.

Aphunzitsi ankafuna mmisiri wa kutauni, wokhala ndi mapepala a sukulu ya ntchito zamanja. Mayi anakana.

"Bambo, mukatenge mlendo achimwene anga ali pompano? Anthu atiyesa chiyani?"

Achimwene akewo ndi amene aliyense amawatcha a Levulo, chifukwa sayenda opanda levulo kukhwapa, ngakhale kuti madzi a m'kati mwake anauma kalekale. Amaiika pa khoma, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuti, "Zili bwino." Sanayambe anenapo kuti sizili bwino. Amisiri otere ndiwo adzaza masiku ano: munthu wanyamulira mnzake ndowa ya matope miyezi itatu, mawa lake wagula chipewa, akuti ndi kontilakita. Koma mlamu ndi mlamu. Mukhoza kumuchotsa ntchito m'mawa, masana mupezana naye pa mkeka umodzi.

Aphunzitsi anajambula pulani pa pepala la mizere, chilichonse ndi muyeso wake. A Levulo anailandira ndi manja awiri, anaipinda kanayi, n'kuilowetsa m'chipewa.

"Pepala silimanga nyumba, alamu. Ingonenani pakamwa."

"M'litali mapazi makumi awiri. M'lifupi khumi ndi awiri. Khomo mapazi anayi, ng'ombeyi ndi yaikulu."

"Mapazi?"

"Mapazi. Kodi mwagontha?"

"Ayi, ndamva ndithu."

M'mawa mwake Aphunzitsi anakwera basi kupita kuchipatala kukachotsa ng'ala m'maso, ndipo anakhala masabata atatu kwa mwana wawo wamkazi akuchira. Anabwerera akuona ngati mnyamata. Chinthu choyamba chimene maso atsopanowo anaona bwinobwino chinali khola.

Linali lokongola, tisaname. Pulasitala wosalala, malata owala, chitseko chopaka penti wobiriwira. Mayi anaima pambali akumwetulira, kudikira kuti ayamikiridwe. Koma Aphunzitsi analizungulira kamodzi, ndipo anafika pomwe anayambira msanga kwambiri. Analowa m'nyumba, natuluka ndi rula yawo yakale. Khomo linali mapazi awiri ndi mainchesi asanu ndi atatu.

Anatumiza mawu, a Levulo n'kubwera akutafuna kamtengo.

"Alamu, ndinati khomo likhale bwanji?"

"Mapazi anayi."

"Nanga ichi n'chiyani?"

A Levulo sanakangane. Anavula patapata, anaponda m'mphepete mwa njerwa, n'kuyamba kusanjika chidendene ku chala, chidendene ku chala. "Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Apa pang'ono yadya ndi felemu, imeneyo si ine."

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Zaka makumi anayi akudya ndi munthuyu, anali asanaonepo mapazi ake. Tinali timapazi, tonga ta mwana wa sitandade faifi.

"Mwamanga khola lonseli ndi timapazi timeneti?"

"Ndi amene ndili nawo, alamu. Mukanati mafiti, tepi ndili nayo iyi." Anapisa m'thumba n'kutulutsa tepi yachikasu, yatsopano, yosagwirako fumbi. "Ndinakufunsani ine. Munati ndagontha."

"Bwenzi mutabwerekako phazi la munthu wamkulu!"

"Iii, bambo," anatero mayi, "mapazi amenewo ndi akumtundu kwathu. Musatukwane amayi ali chigonere."

"Sindikutukwana akufa ine, ndikufunsa amoyo! Mmisiri wanji woona ng'ombe ikudya apo, n'kuona khomo apa, osadzifunsa kanthu?"

"Ine ndimamanga zimene wanena mwini wake. Makamaka akakhala wophunzira."

Anayesabe. Mayi anatsogola ndi udzu wauwisi, Aphunzitsi atagwira chingwe. Dona analowetsa mutu, analowetsa mapewa, mimba n'kukana. Anapuma mwamphamvu, nabwerera chafutambuyo, nthiti itasupuka ndi felemu. Kachiwiri sanafunenso kuyandikira n'komwe.

"Musaivutitse," anatero a Levulo. "Tidikire ibereke kaye. Ikaphwa ilowa yokha."

"Ibereke kaye! Tamumvani munthu! Khola tamangira kuti iberekeremo, inu mukuti ibereke kaye. Ndiye tidzaikamo chiyani, chikopa?"

"Nanga nditani?"

"Gumulani mbali iyi, mukuze khomo."

A Levulo anavala patapata wawo. "Khoma langa silinagumulidwepo chiyambire. Anthu akaona adzati ndinalakwitsa. Kumeneko ndi kundivula pagulu, alamu." Anatenga levulo, napita.

Tsiku lotsatira Aphunzitsi anayenda ndi ndodo kwa amisiri ena awiri. Woyamba anamvetsera nkhani yonse, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati pamene wayamba mnzako supondapo. Wachiwiri, amene anali mwana wawo wa sukulu, anapukusa mutu mwaulemu.

"Aphunzitsi, amenewo ndi alamu anu. Mawa mugwirizana, woipa ndidzakhala ine."

"Iwe, ndinakuphunzitsa kugwira rula ndi ine!"

"Ndi yomweyo munkandimenya nayo ija, Aphunzitsi."

Anabwerera kunyumba mitambo itada kale. Dona anali pansi pa mtengo, mawere atatupa, akusinthasintha miyendo. Cha m'ma thili koloko madontho oyamba anagwa pa malata atsopano aja, akuluakulu, amodziamodzi. Adokotala anali atawaletsa Aphunzitsi fumbi ndi kunyamula zolemera kwa miyezi iwiri. Aphunzitsi anatenga nyundo yaikulu yophwanyira miyala.

"Bambo, maso anuwo!"

"Maso ndaona nawo zokwanira. Gwirani ng'ombe."

Mayi anawayang'ana, anayang'ana kumwamba, kenako anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi magalasi akuda a kuchipatala, nawaveka okha. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri inayamba kumenya khoma. Ndipo chowawa n'chakuti khomalo linali lolimba. Simenti a Levulo sanabe, njerwa iliyonse inkachoka monyinyirika. Felemu inagwa, chitseko chobiriwira chinagwa nayo. Nyundo itagundanso, mng'alu unathamanga kuchokera pakhomo mpaka ku denga, mayi n'kukuwa, koma khoma linaima. Pamene mvula inkatsika yeniyeni, Dona ananunkhiza chibowo chija, naponda pa zibuma, n'kulowa osakhudza mbali iliyonse.

Patapita masiku asanu ndi limodzi Dona anabereka thole lalikazi, pouma. Diso lamanzere la Aphunzitsi linafiira mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero limalira lokha kukachita mphepo.

Chibowocho chikadalipo, chamanomano, chotsekedwa ndi lata ndi miyala iwiri. A Levulo anatumiza mawu katatu kudzera mwa mlongo wawo kuti angabwere kudzakonza, popeza wagumula ndi mwini wake, osati iwo. Aphunzitsi anakana katatu konse. Mlendo aliyense wofika pakhomopo, asanapatsidwe mpando, amayamba watengeredwa kuseri kukaona. Mayi akadandaula kuti mng'aluwo tsiku lina udzagwera ng'ombe, iwo amaimika mtengo wina wochirikiza khoma, tsopano ilipo inayi, n'kunena kuti umboni samata ndi simenti mlandu usanathe.